Maso a Usman

Ba Hamdani anasiya kalekale kujambula nkhope za anthu, ndipo anthu a m'Kanyama, mu Lusaka, ankati n'chifukwa cha chipembedzo. Iwo sankatsutsa. Munthu wovala mzuli, wosaphonya mapemphero a Lachisanu, akakana kujambula nkhope, ndani angafunse zambiri? Ankalemba zilembo basi: mayina a timagolosale, mitengo ya nkhuku, TIMETA TSITSI, OSAKODZA PANO. Nazo zilembozo zinatha msika atabwera anyamata a makina, aja amakusindikizira chikwangwani chonse uli chiimire, nkhope yako ili pomwepo, mano oyera kuposa amene Mulungu anakupatsa.

Ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwa chigayo. Akazi awo, ba Jannat, anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ana awo awiri anapita ku Joni, ndipo ankaimba foni pa Idi pokha, nayonso ya changu, ngati munthu wasiya mkaka pamoto. M'chipindamo munali mipando iwiri. Wina ankakhalapo iwo, winawo pankakhala zitini za penti, ndipo zitinizo zinali zitasiya mizere yozungulira pathabwa chifukwa panalibe chifukwa chozichotsera.

Lachiwiri lina m'mawa, mvula itasiya Kanyama yonse ili thope lokhalokha, pakhomo panaima mayi wa zaka za m'ma fote, nsapato zili m'manja, mpango wobiriwira kumutu.

"Odi kuno! Salaam aleikum. Ndimwe ba Hamdani bamene balemba vikwangwani?"

"Aleikum salaam. Ndine. Koma ngati mufuna cha makina, pitani kumsewu waukulu."

"Sinifuna chikwangwani, batate. Ndine Firdaus, nachokera ku Marapodi, nigulitsa vitenge. Ndine mwana wa ba Usman, baja benze kukonza mawailesi kuno kudala."

Ba Hamdani anali atagwira burashi, ndipo anaiyang'ana ngati wina wawabwereka. Kenaka anadzuka, nachotsa zitini pampando wachiwiri uja, chimodzichimodzi, napukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Paja amati mlandu suola. Uwu unali utatha zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo uli panjira, ndipo unafika wovula nsapato, mwaulemu.

Firdaus anakhala pansi nafotokoza. Mayi ake, ba Mwanabibi, anamwalira mwezi wathawu. Bambo ake sanawaonepo: anabwerera ku Malawi iye ali ndi miyezi isanu, ndipo anafera komweko chaka chisanathe. Chithunzi chawo panalibe n'chimodzi chomwe.

"Bamayi sibenze kukamba za beve," anatero. "Ukafunsa, bayangana chabe pansi. Manje pamene banadwala maningi ndiye banakamba ati, ukafuna nkhope ya batate bako, yenda kuli ba Hamdani ku Kanyama, kulibe wina anaiyangana monga beve. Nifuna chabe nibaoneko kamodzi. Nili na bana batatu, banifunsa ati ambuya benze bwanji, ine nilibe chokamba."

Anayenera kukana. Mawu okanira anali nawo okonzakonza, omwe aja ankauza aliyense. Koma pakamwa pawo panatuluka zina. "Mubwere Lachisanu, tikatuluka ku mzikiti."

Mayiyo atapita, ba Hamdani sanabwezere zitini pampando.

Zinali m'chaka cha 1979. Nkhondo inali kutsidya kwa Zambezi, koma ndege zake sizinkadziwa malire: zinkafika mpaka m'mphepete mwa Lusaka n'kuponya mabomba, anthu n'kumathawira pansi pa matebulo ngati tebulo lingaletse bomba. Pa wailesi nyimbo zinali za nkhondo zokhazokha, ndipo aliyense ankauzidwa kuti akhale diso la dziko. Hamdani anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, dzanja lake lili lakuthwa, mutu wake uli wodzaza ndi kudzimva. Anamupeza ba Katongo, wapampando wa dera lawo, munthu amene kale anali kondakitala wa basi ndipo mawu ake anali akadali a pa siteshoni.

Ba Katongo sanapite patali ndi sukulu, koma nzeru ya kutembenuza mitima ya anthu anali nayo, ndipo tisawanamizire umbuli. "Mau atatu chabe, mwaiche," ankatero, mwaiche kutanthauza mwana wamng'ono. "Munthu ali pa njinga abelenge akalibe kupitilila. Elo ulembe chimodzimodzi paliponse, mpaka baziona na kutulo." Za nkhope anali ndi lamulo lake. "Banthu bathu ubajambule bambili, bayangana kumwamba, mzimayi na mwana kumbuyo. Mdani umujambule eka. Asankhale na mkazi, asankhale na mwana, asaseke. Munthu wamene anyamula mwana sungamuteme mwala."

Tsono Hamdani anali ndi chilema chimodzi pa ntchito yake: sankatha kujambula nkhope ya m'mutu. Pankafunika munthu wamoyo akhale patsogolo pake. Msilikali wa pa chikwangwani choyamba anali mnyamata wogulitsa nyama pamsika, ndipo mayi wobereka mwana anali Jannat, amene anayenda monyada mwezi wonse. Koma itafika nkhope ya kazitape, aliyense anakana. Amene anavomera anali Usman.

Awiriwa anabwera pa lole imodzi kuchokera ku Mangochi, nadyera mbale imodzi zaka zitatu asanakwatire. Usman anali munthu wa nthabwala, wokonza mawailesi lilime lili kunja. Anabwereka chipewa cha mlonda, nachikokera kumaso, natsinzinira maso ake ngati mphaka woba nsomba, kenaka n'kuphulika kuseka. Akayesanso, kusekanso. "Imani choncho, achimwene!" ankakalipa Hamdani. "Musagwedezeke!" Madzulo onsewo anathera kuseka, Mwanabibi ali pakhomo ndi khanda lake, akupukusa mutu.

Hamdani ankati akamaliza asintha mphuno ndi chibwano kuti asadziwike. Koma chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri, bwino kuposa chilichonse chimene anajambulapo, ndipo mtima unamuwawa kuchikhudza. Anasiya zonse mmene zinalili, makutu otambalala aja, ngakhale kachipsera ka pa nsidze ya kumanzere. Pansi pake analemba mawu atatu: MDANI ALI PAFUPI. Anachijambula pakhoma la msika, pa taveni, pokwerera mabasi, kenaka ba Katongo anamubwereketsa kwa anzawo a ku Chawama, Matero ndi George. Makoma makumi anayi ndi atatu. Ankawerenga yekha, monyadira.

Poyamba zinali zoseketsa. Anthu ankafika kwa Usman n'kumati, "Ba kazitape, wailesi yanga yasila kukonzeka?" iye n'kutsinzinira maso, onse n'kuseka. Ana anapeka nyimbo yowombera m'manja ya munthu wa chipewa. A zisudzo pamsika anayamba kuvala chipewa chotero, n'kudzilemba kachipsera ndi makala, ndipo akalowa m'bwalo anthu ankakuwiza. Pang'onopang'ono kuseka kuja kunasintha kamvekedwe. Amayi anayamba kuitana ana awo Usman akamadutsa. Mawailesi anasiya kubwera.

Ndiye m'mawa wina mabomba anagwa pafupi kuposa kale, mawindo a m'tauni mpaka kunjenjemera. Dzuwa lisanafike pamutu wina anali atakumbukira kuti padenga la Usman pali waya wautali, wina kuti ndi mlendo wa ku Malawi, wina kuti m'nyumba mwake mumamveka mawu a azungu. Wokonza mawailesi akanakhala bwanji wopanda waya? Koma gulu la anthu amantha silifunsa zimenezo. Nkhope yake anali ataiona pakhoma miyezi itatu, tsiku ndi tsiku, ndipo mitima yawo inali itaweruza kale.

Hamdani analipo pamene gululo linkamenya mnzake, chitini cha penti chili m'manja. Usman ali pansi, magazi ali pakamwa, anamupeza ndi maso pakati pa anthu. "Che Hamdani! Auzeni! Auzeni kuti tinkangosewera!" Ba Katongo anali pambali pa Hamdani, ndipo kamodzi kokha m'moyo wawo analankhula motsitsa mawu. "Naiwe ndiwe wa ku Malawi, mwaiche. Usaibale." Hamdani anayang'ana chitini chake. Anthu anaphwanya mawailesi, natentha katundu wa m'nyumba pabwalo, zithunzi za ukwati zili momwemo. Patapita sabata Usman anakwera lole akutsimphina, nati akakhazikika adzaitanitsa mkazi ndi mwana. Hamdani sanapite kukatsanzikana naye.

Imeneyo ndiyo nkhope imene Firdaus ankafuna pofika Lachisanu.

Ba Hamdani anagula mapepala olimba ndi mapensulo awiri, nakhala pakhomo pamene pali kuwala. Dzanja linali lisanaiwale. Chipumi chinabwera chokha, makutu aja, chibwano, kachipsera. Atafika pa maso, pensulo inatsetsereka n'kuwatsinzinitsa. Anafufuta. Anayambanso, ndipo masowo anabweranso aang'ono, oyang'ana cham'mbali, a munthu womvetsera za eni. Anatenga pepala lina. Pofika madzulo pansi panali mapepala asanu ndi limodzi, ndipo onse anali kazitape wosavala chipewa.

Lachitatu anayesa njira ina. Anatseka maso kuti amuone Usman akudya, Usman akusamba m'manja pa mzikiti, Usman ataweramira wailesi. Thupi linkabwera, mawu ankabwera, ngakhale fungo la waya wopsa. Koma munthuyo akatembenuka, nkhope inali ya pakhoma. Apa mpamene anachita mantha enieni. Bodza lija analiphikira anthu ena, koma wodya mbale zambiri anali iwo eni: ena ankangoliona podutsa, iwo analijambula ndi dzanja lawo kamakumi anayi ndi katatu. Mnzawo weniweni anali atafufutika m'mutu mwawo, ndipo sanadziwe n'komwe kuti zinachitika liti.

Lachinayi anavala nsapato za mphira napita kukafuna wina wokumbukira. Ba Katongo anamwalira kale. Khoma la msika linagwetsedwa, pamalopo pali mashopu a mafoni, nyimbo zikulira mopikisana. Anayenda m'matope mpaka anapeza ba Deborah, gogo wogulitsa tomato amene anakalambira pamsikawo.

"Ba Deborah, mukumukumbuka Usman, wokonza mawailesi?"

Gogoyo anaganiza, akuthamangitsa ntchentche. "Usman... Ooh, uja kazitape? Wa tumaso tung'ono? Ee, benze kuoneka chabe ati uyu munthu ali na vinthu."

Ba Hamdani anagula tomato amene sankamufuna, nabwerera kwawo. Panjira anazindikira kuti m'Lusaka monse, mzinda wa anthu osawerengeka, munalibenso munthu mmodzi amene akanawauza mmene maso a Usman analili. Jannat akanadziwa. Mwanabibi akanadziwa. Anatsala iwo okha, ndipo iwowo ndiwo anawawononga. Kusungulumwa anali atakuzolowera ngati bondo lowawa, koma kwa tsiku limeneli kunali kwina, ndipo atafika m'chipinda anakhala pansi nalira, chigayo chikuwabisira mawu.

Lachisanu masana Firdaus anafika ndi zitumbuwa m'kapepala. Ba Hamdani anali atakonza zoti anene, kuti dzanja lakalamba, awakhululukire. Koma anachedwa kubisa mapepala aja, ndipo mayiyo asanakhale n'komwe pansi anatola limodzi.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Chala chake chinayenda pachipumi, chinaima pa kachipsera. "Ndiye batate aba?" Mawu ake anali aang'ono ngati a mwana. Misozi inatsika, iye osaipukuta. "Benze bokalipa, ka? Maso monga bali na vobisa." Anaseka pang'ono. "Olo benze bwanji, ni batate banga. Nizaika mu galasi, nipachike pa chipupa mu nyumba, bana babazibe ambuya bao."

Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayiyo anali atamulandira kale munthu wa papepalayo, ndi maso ake akubawo. Ba Hamdani akanangoti inde, iye akanapita wokondwa, akuwadalitsa njira yonse mpaka ku Marapodi, ndipo palibe wamoyo akanatsutsa. Anaona khomalo m'maganizo mwawo, la m'nyumba ya mwana wa Usman, adzukulu akudya pansi pake tsiku ndi tsiku. Likanakhala khoma la makumi anayi ndi anayi.

Anatambasula dzanja nalanda pepalalo, mwamphamvu kuposa mmene ankafunira, mpaka linang'ambika pakona.

"Amenewa si bambo anu."

"Manje ni bandani?"

"Khalani pansi, mayi. Ndikuuzeni chimene mayi anu anakutumirani kwa ine."

Anafotokoza zonse, osadzikometsera. Chipewa cha mlonda, kuseka kwa madzulo aja, kachipsera kamene anakasiya chifukwa chonyadira dzanja lawo, makoma, nyimbo ya ana, waya wa padenga. Ananenanso mawu amene Usman anafuula ali pansi, mawu amene sanauzepo ngakhale Jannat, ndi zimene iwo anachita, zomwe zinali kuyang'ana chitini. Firdaus sanawadule. Mafuta a zitumbuwa anali atalowerera kapepala kaja pamiyendo pake.

"So simubakumbuka?" anafunsa pomaliza. "Nkhope yao yeniyeni?"

"Ndikukumbuka imene ndinapanga ine. Inayo ndinaikwirira ndi penti."

Firdaus anaika zitumbuwa pansi, naimirira, nakonza mpango wake. Atafika pakhomo anatembenuka. "Zaka zonse izi," anatero, "nenze kuganiza ati banatithaba chabe. Nenze kubazonda, kudana nao mu mtima. Pa sukulu nenze kukamba ati nilibe tate." Ndipo anaseka, kuseka kowawa kwa munthu amene wapusitsidwa moyo wake wonse, mutu utapendekera kumbali, maso ali tong'o, aakulu, odabwa, nsidze ya kumanzere itakwera kuposa inzake.

Ba Hamdani anawazindikira maso a Usman. Anali amenewo. Maso aakulu a munthu wodabwa ndi chilichonse, amene ankayang'ana m'mimba mwa wailesi ngati akuona koyamba. Anali atawayang'ana Lachiwiri lija osawazindikira, chifukwa ankafunafuna aang'ono.

"Imani choncho!" anafuula. "Musagwedezeke!"

Firdaus anawayang'ana, kuseka kutatheratu. "Na batate munabauza so?"

"Ndinawauza choncho."

Chigayo chinali chitazima, ndipo kunja kunkamveka mayi wina akukangana ndi wogulitsa makala. Firdaus anaima pakhomopo kwa kanthawi, dzanja lili pachitseko. Kenaka anabwerera, nakokera mpando uja pamene pali kuwala, nakhala.

"Jambulani," anatero. "Koma mukasiliza, sinizabwelako futi kuno."

"Ndamva."

Anatenga pepala latsopano. Chipumi, makutu, chibwano, izi dzanja linkazidziwa. Pa maso anayang'ana mayiyo, nayang'ana pepala, ndipo pensulo itafuna kutsetserekera kumene inazolowera anaigwira zolimba ngati njinga pamatope. Maso anatseguka. Anawonjeza makwinya a kuseka m'mbali mwake, natsegula pakamwa pang'ono, ndipo Usman anawayang'ana kuchokera papepala, wodabwa, ngati akufunsa kuti achimwene munali kuti nthawi yonseyi.

Apa akanatha kumaliza. Koma anapitiriza, najambula mapewa, mikono, ndipo m'mikonomo anaikamo khanda lokulungidwa m'chitenje. Ankajambula pang'onopang'ono, ndipo tinene zoona, sikunali kusamala kokha. Pampando uja panali munthu woyamba kukhalapo m'zaka zisanu ndi ziwiri, papepala panali mnzawo, ndipo ankadziwa kuti akangoika pensulo pansi onse awiri adzatulukira khomo limodzi. Anakonza mapindo a chitenje amene sankafuna kukonza. Firdaus anaona, koma anawalola.

Dzuwa litayamba kupendeka analibenso chowonjezera. Analemba dzina lawo pakona, chinthu chimene sanachitepo pa makoma aja, napereka pepalalo ndi manja awiri.

Firdaus analiyang'ana, ndipo ulendo uno sanalire. Anakweza dzanja nagwira nsidze yake ya kumanzere. "Aka kamwana ni kandani?"

"Ndinu. Ankakunyamulani choncho madzulo alionse, akatseka ntchito. Ndinauzidwa kuti ndisadzamujambule ndi mwana."

Mayiyo anagwedeza mutu. Analowetsa pepalalo mosamala pakati pa zitenje ziwiri zatsopano m'chikwama chake kuti lisanyowe, navula nsapato chifukwa cha matope, natuluka. Sanatsanzike, ndipo iwo sanayembekezere kuti atero. Anamuyang'ana akulumpha zithaphwi mpaka anakhota pa chigayo, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Ba Hamdani anasonkhanitsa mapepala ena aja nawaika pa mbaula, nadikira mpaka lomaliza litapsa. Zitumbuwa zinali pomwe anazisiya Firdaus, zitazizira. Anatola zitini za penti kuti azibwezere pamalo pake, naima nazo patsogolo pa mpandowo, kenaka anaziika pansi m'mbali mwa khoma. Anakhala pampando wawo, moyang'anana ndi wopanda munthuwo, natseka maso mwamantha kuti aone amene abwere.

Anabwera Usman wa maso aakulu, akuseka, akulephera kukhala chete.

"Imani choncho, achimwene," anatero ba Hamdani m'chipinda chopanda munthu. "Musagwedezeke."